MWEZI WA ANTHU AMENE ADALEMBEDWA OPANDA MAINA

Frederick Douglass, mmodzi mwa anthu akuda otchuka kwambiri m'mbiri ya dziko la United States, adamwalira m'chaka cha 1895 asakudziwa tsiku limene adabadwa. Munthuyu adayankhulapo pamaso pa makhamu a anthu ku Dublin ndi ku London, adalemba mabuku atatu a mbiri ya moyo wake, adaonana maso ndi maso ndi Pulezidenti Abraham Lincoln, nakhalanso kazembe wa dziko lake ku Haiti. Koma funso limene mwana wa Sitandade 1 amayankha mosadodoma, iye lidamukanika mpaka kumanda. Adabadwira mu ukapolo m'chigawo cha Maryland, ndipo kapolo sankauzidwa zaka zake. Akafunsa, mbuye wake ankachiyesa chipongwe. Atakula adangodzisankhira tsiku la 14 Febuluwale kuti azikumbukirapo kubadwa kwake, ndipo chaka ankaganiza kuti kapena chidali 1817. Padapita zaka zoposa 80 chimwalirire iye pamene wofufuza mbiri wina, Dickson Preston, adaulula kuti dzina la Douglass lili m'kaundula wa mbuye wake, m'mene ankalembamo ana obadwa kwa akapolo ake monga mlimi alembera ana a ng'ombe. Mudalembedwa kuti Febuluwale, 1818. Tsiku lenilenilo silidalembedwe.

Tsiku lodzisankhira lija ndi umodzi mwa mizati iwiri imene padamangidwa mwambo wotchedwa Black History Month, ndiye kuti Mwezi wa Mbiri ya Anthu Akuda. Ku United States ndi ku Canada amausunga mu Febuluwale chaka ndi chaka. Ku Britain amausunga mu Okutobala, ndipo abale athu amene akulera ana ku Leeds, ku Manchester kapena ku London amaudziwa bwino, pakuti ana amabwera nayo kunyumba ntchito ya kusukulu yokhudza mweziwu. Alipo anthu, ena mwa iwo akuda ndithu, amene amati mwambowu ngopanda pake, mwinanso ngonyoza. Mau awo tiwamva kutsogoloku, pakuti si mau a zitsiru. Ife tikuti mweziwu ngofunika. Koma kuti kufunika kwake kuoneke, tiyambe tamvetsa mtundu wa kuiwala kumene mweziwu udadza kudzalimbana nako.

Kuli kuiwala kumene tonsefe timakudziwa: nkhani zimafufutika pang'onopang'ono agogo akamatha, monga njira ya kumunda wogonera imamerera udzu. Kulinso kuiwala kochita kukonza, pamene wina wamphamvu aonetsetsa kuti chinthu chisalembedwe n'komwe. Anthu akuda a ku America adakumana ndi kwachiwiriku. Ofufuza amawerengera kuti pa zaka zoposa 300, anthu pafupifupi 12.5 miliyoni adakwezedwa m'zombo kuchokera ku Africa kumka kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ndipo amene adafika amoyo adali pafupifupi 10.7 miliyoni. Ambiri adapita ku Brazil ndi ku zilumba za Caribbean. Amene zombo zidakawatula kudera limene lero ndi United States sadafike 400,000. Komabe zidzukulu zawo zidachulukana, kotero kuti pofika 1860 akapolo m'dzikomo adali pafupifupi 4 miliyoni.

Tsono taonani m'mene boma lidawawerengera. Pa kalembera wa 1850 ndi wa 1860, mfulu iliyonse idalembedwa dzina, zaka ndi kumene idabadwira. Akapolo adali ndi pepala lawolawo. Pambali ankalemba dzina la mwini wawo, ndipo mzera uliwonse unkaimira munthu mmodzi: zaka zakutizakuti, mwamuna kapena mkazi, khungu lakuda kapena lofiirira. Polemba dzina la kapoloyo padalibe. Mai wa ana asanu ndi awiri, mmisiri wosula zitsulo wodziwika m'dera lonse, nkhalamba imene inkakumbukabe chinenero cha kwawo ku Africa, onsewa adalowa m'mabuku a boma ngati manambala. Kalembera woyamba kuwalemba ndi maina awo adali wa 1870, ukapolo utathetsedwa mu 1865. Mpaka lero banja la anthu akuda likamalondola mtundu wake, kawirikawiri limayenda bwino mpaka 1870, kenaka mapazi n'kuzimirira ngati a nyama imene yakwera pathanthwe. Ife amene timatchula mfunda wathu ndi mudzi wa agogo a agogo athu mosaganiza kawiri tingavutike kumvetsa kuwawa kwake.

Nanga bwanji sadadzilembere okha? Lamulo linkawaletsa. Ku South Carolina, kuyambira 1740, kuphunzitsa kapolo kulemba udali mlandu wolipitsa. Ku North Carolina adaika lamulo lotere mu 1830, ndipo ku Virginia adakhwimitsa lawo mu 1831. Douglass uja adadziwa zilembo mozembera, pokopa anyamata achizungu a m'misewu ya Baltimore ndi zidutswa za buledi. Motero munthu adamulanda dzina, namuletsa kugwira cholembera, kenaka n'kutembenuka kunena kuti alibe mbiri popeza palibe chimene adalemba. Ndipo onena zimenezi sadali mbuli zokhazokha. Posachedwa pomwepa, mu 1963, mphunzitsi wamkulu wa mbiri ku Oxford, Hugh Trevor-Roper, adaphunzitsa poyera kuti ku Africa kulibe mbiri yoti munthu n'kuphunzira kupatula ya azungu amene adapitako, ndi kuti zotsalazo ndi mdima chabe. Adanena zimenezi maiko a Africa ali m'kati molandira ufulu wodzilamulira.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene adatsekula chitseko pa nkhani iyi ndi Carter G. Woodson, amene adabadwa pa 19 Disembala 1875 ku New Canton m'chigawo cha Virginia. Atate ake ndi amai ake onse awiri adaliko akapolo. Banjalo lidali lalikulu ndi losauka, ndipo mnyamatayu ankapita kusukulu pokhapokha kumunda kukapepuka ntchito. Asanakwanitse zaka 20 adali kale pansi pa nthaka, akukumba malasha m'migodi ya ku West Virginia.

Kumigodiko kudachitika kanthu kamene ife tikuona kuti ndiye mbeu ya zonse zimene zidatsatira. Kudali mkulu wina, Oliver Jones, wokumba malasha naye, amene adamenyako nkhondo yapachiweniweni imene idathetsa ukapolo. Mkuluyu sankadziwa kuwerenga, komabe ankagula nyuzi ndi mabuku, ndipo nyumba yake idali pocheza anthu akuda a m'mgodi akaweruka. Atadziwa kuti Woodson amatha kuwerenga, adapangana naye kuti madzulo aziwawerengera anzake mokweza, malipiro ake n'kukhala chakudya. Tsono mnyamata ankawerenga, akuluakulu n'kumatsutsa, kumaonjezera, kumasimba zimene adaona ndi maso awo pankhondo ndi m'minda ya thonje. Woodson adazindikira pamenepo kuti m'mitu ya anthu osadziwa kulembawa mudali mbiri yochuluka imene m'mabuku mudalibe, ndi kuti aliyense wa iwo akaikidwa m'manda, mbiriyo idzaikidwa naye limodzi.

Adalowa sekondale ali ndi zaka 20, naimaliza zaka ziwiri zisanathe. Adaphunzira ku Berea College ku Kentucky, adakaphunzitsa ku Philippines kuyambira 1903 mpaka 1907, adapitiriza maphunziro ku yunivesite ya Chicago, ndipo mu 1912 adalandira digiri ya udokotala wa mbiri ku Harvard. Adali munthu wakuda wachiwiri kulandira digiri yotere pasukulupo. Woyamba adali W. E. B. Du Bois mu 1895.

Chaka cha 1915 chidaonetsa poyera kuti mbiri yonama imapha. M'chaka chimenecho mudatuluka kanema wotchedwa The Birth of a Nation, amene adaonetsa anthu akuda omasulidwa ngati zilombo zoopsa, ndi gulu lachiwembu la Ku Klux Klan ngati apulumutsi a dziko. Kanemayu adaonetsedwa ngakhale ku White House, ndipo chaka chisanathe gulu lija, limene lidali litazilala, lidadzukanso ku Georgia. Anthu zikwizikwi amene sadatsekulepo buku la mbiri adaphunzira "mbiri" yawo m'kanemamo. Chaka chomwecho ku Chicago kudali chionetsero chachikulu chokumbukira zaka 50 za kumasulidwa kwa akapolo, ndipo Woodson adaona makhamu a anthu akuda ali pamzera kudikira kulowa kuti akaone zimene mtundu wawo udachita. Njala ya kudziwa idalipo. Pa 9 Seputembala 1915, iye ndi anzake anai adayambitsa bungwe lotchedwa Association for the Study of Negro Life and History, lofufuza moyo ndi mbiri ya anthu akuda. Mu Januwale 1916 adatulutsa magazini ya akatswiri, Journal of Negro History, ndi ndalama zimene adachita kukongola yekha. Magaziniyi ikutulukabe mpaka lero, ngakhale dzina lidasinthidwa kukhala Journal of African American History. Mau akuti Negro asatidodometse. Masiku amenewo ndiwo adali mau aulemu, amene eni ake ankadzitchula nawo.

Tisathamangire ku sabata ndi mwezi tisanaone zimene zidachitika pa zaka khumi zoyambazo, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Woodson adayamba ndi kututa, chikondwerero chidadza pambuyo. Iye ndi anzake adasonkhanitsa makalata akale, mapangano ogulitsira akapolo, zolemba za m'mipingo ndi m'makhoti. Adasindikiza maina a anthu akuda amene adali mfulu pa kalembera wa 1830, banja ndi banja. Osindikiza mabuku achizungu atamakana zolemba zotere, adayambitsa kampani yakeyake yosindikiza. Sadakwatire. Kuyambira 1922 mpaka imfa yake pa 3 Epulo 1950 ankagona m'chipinda cha pamwamba pa ofesi ya bungwe lake, pa Ninth Street mumzinda wa Washington, nthawi zina akumanga yekha mitokoma ya mabuku yopita ku positi.

Chitsanzo chimodzi cha kututa kumeneku n'chokwanira. Lamulo lidaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera ku Africa kuyambira 1808, komabe mu 1860 chombo chotchedwa Clotilda chidazemba n'kukatula anthu 110 pafupi ndi Mobile ku Alabama, ochokera kudoko la Ouidah m'dziko limene lero ndi Benin. Eni chombo adachitentha n'kuchimiza kuti pasakhale umboni. Mmodzi wa anthu ogwidwawo, Kossola, amene ku America ankamutcha Cudjo Lewis, adakhala ndi moyo mpaka 1935. Mu 1927 mai wina wophunzira, Zora Neale Hurston, adapita kukakhala naye pansi n'kumumvetsera akusimba za mudzi wa kwawo, za m'mawa umene adagwidwa, za ulendo wa panyanja. Nkhaniyo idatuluka m'magazini ya Woodson chaka chomwecho. Buku lathunthu limene maiyu adalemba pambuyo pake lidasowa wolisindikiza, ndipo lidagona m'mabokosi mpaka 2018. Zotsalira za chombocho zidatsimikizidwa mu 2019, pansi pa mtsinje. Pakadapanda wina kupita kwa nkhalamba ija idakali moyo, matabwa a m'matopewo sakadatiuza dzina la munthu ndi mmodzi yemwe.

Koma magazini ya akatswiri amawerenga ndi akatswiri okhaokha. Woodson ankafuna kuti zokololazo zifike kwa mwana wa sukulu ndi kwa mai wochapa zovala za azungu. N'chifukwa chake mu Febuluwale 1926 adalengeza Negro History Week, sabata ya mbiri ya anthu akuda. Adasankha sabata yachiwiri ya mweziwo mwanzeru. Anthu akuda ankakumbukira kale tsiku lobadwa Lincoln, pa 12 Febuluwale, ndi tsiku lija la Douglass, pa 14. Iye adangolumikiza masiku awiri amene adali kale m'mitima ya anthu. Komatu cholinga chake chidali kuchotsa maso a anthu pa ngwazi ziwiri zokha kuti aone mtundu wonse: alimi, asilikali, anamwino, amisiri, aphunzitsi. Bungwe lake linkatumiza zithunzi, timabuku, timasewero ndi malangizo kwa aphunzitsi. Amene adausenza mwambowu adali aphunzitsi a m'sukulu zosauka za anthu akuda okhaokha kum'mwera kwa dzikolo, pamodzi ndi mipingo ndi magulu a amai. Ena mwa aphunzitsiwo ankaphunzitsa zimenezi mobisa, buku la boma lili pamwamba pa tebulo, la Woodson lili pamiyendo. Mu 1937, pomvera pempho la mai Mary McLeod Bethune, Woodson adayambitsanso kamagazini kosavuta kuwerenga ka aphunzitsi ndi ana.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Woodson mwini wake ankadandaula ndi m'mene ena ankasungira sabatayo. Kwa iye sabata ija idayenera kukhala ngati tsiku lachionetsero cha zaulimi, pamene mlimi aonetsa zimene walima chaka chonse. Wobwera kuchionetsero chimanjamanja ndiye kuti sadalime. Ankachenjeza aphunzitsi kuti asamaitane alendo odzayankhula amene akudziwa zochepa kuposa ana amene akuwayankhulawo. Ankayembekezanso kuti idzafika nthawi imene sabatayo sidzafunikanso, mbiri ya anthu akuda italowa m'maphunziro a tsiku ndi tsiku.

Kukula kwa sabata kukhala mwezi kudachitika iye atapita. Ophunzira akuda a pa yunivesite ya Kent State ku Ohio adasunga mwezi wathunthu mu 1970. Mu 1976, dziko likukondwerera zaka 200 za ufulu wake, bungwe la Woodson lidakhazikitsa mwezi m'malo mwa sabata, ndipo Pulezidenti Gerald Ford adapempha mtundu wonse kuti uusunge. Nyumba ya Malamulo idauvomereza mu 1986. Ku Britain udayamba mu Okutobala 1987, mwa khama la Akyaaba Addai-Sebo wochokera ku Ghana, ndipo ku Canada aphungu adauvomereza mu 1995 atapempha mai Jean Augustine, mai woyamba wakuda kulowa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Chaka cha 2026 ndicho chokwanitsa zaka 100 chiyambire sabata ija.

Tsopano timve otsutsa. Mu 2005 katswiri wa zisudzo za m'kanema, Morgan Freeman, munthu wakuda, adanena pa wailesi yakanema kuti mweziwu ngopusa: mbiri ya anthu akuda ndi mbiri ya America, nanga bwanji kuitsekera m'mwezi umodzi? Ena amaseka kuti adawapatsa mwezi waufupi kuposa yonse, ngakhale taona kale kuti Febuluwale sadachite kupatsidwa ndi munthu. Enanso amanyansidwa ndi makampani amene amapachika zithunzi za ngwazi zakuda pa 1 Febuluwale n'kuzitsitsa pa 1 Malichi, katundu atagulidwa. Koma dandaulo limene ife tikuliona lolemera ndi ili: chaka ndi chaka ana amamva maina omwewo atatu kapena anai, ndi nkhani zopepuka zochotsedwa minga. Amauzidwa kuti Rosa Parks adali mai wosoka zovala amene adakana kupatsa mzungu mpando m'basi ku Montgomery mu Disembala 1955 chifukwa adali atatopa. Sauzidwa kuti maiyu adali mlembi wa nthambi ya bungwe lomenyera ufulu la NAACP kuyambira 1943, ndi kuti adali atafufuzapo milandu ya amai akuda ogwiriridwa ndi azungu imene makhoti ankaitaya. Sauzidwanso kuti miyezi isanu ndi inai m'mbuyo mwake, mu Malichi 1955, mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, adachita zomwezo m'basi ya mumzinda womwewo namangidwa. Mwezi wosungidwa motero umagonetsa anthu tulo. Amaganiza kuti adziwa pamene angolawa.

Zonsezi n'zoona, ndipo Woodson akadavomereza. Koma tikaziyang'anitsitsa, zikutsutsa kasungidwe koipa. Funso la Freeman lili ndi yankho limene mphunzitsi aliyense amalidziwa: chimene chilibe malo pa ndondomeko ya maphunziro sichiphunzitsidwa. Kunena kuti mbiri iyi iziphunzitsidwa chaka chonse n'kokoma kumva, koma chinthu cha aliyense chimasanduka chopanda mwini, ndipo cha tsiku lililonse chimangoti mawa, mawa. Kwathu kuno tikamapangana tsiku lomanga chiliza, sitinena kuti masiku ena onse malemu timawaiwala. Timadziwa kuti popanda tsiku loikika abale a kutali sabwera, manda salambulidwa, ndipo adzukulu sadzamva kuti wagona apayu adali yani. Tsiku loikika limakakamiza. Woyang'anira nyumba ya mabuku ayenera kupeza choika pashelefu, mkonzi wa nyuzi ayenera kupeza cholemba, mphunzitsi ayenera kuwerenga kanthu asanaime pamaso pa ana. Pofunafuna chaka ndi chaka, ena amatopa ndi maina omwe aja n'kuyamba kukumba mozama, ndipo osindikiza mabuku akaona kuti ogula alipo, amasindikiza zimene kale ankazikana.

Tionjezepo kuti mwambowu sudalire chifundo cha olamulira, ngakhale umakoma ukachilandira. Udakhala zaka pafupifupi 50 pulezidenti asanautchule. Mu Januwale 2025 unduna wa zachitetezo ku United States udalamula kuti miyezi yokumbukira magulu a anthu, kuphatikizapo uwu, isasungidwenso ndi ndalama kapena nthawi ya undunawo. Mikangano ya zimene ana ayenera kuphunzira za ukapolo ndi tsankho yakhala ikuyaka m'zigawo zingapo za dzikolo. Izi zikutiuza kuti tsiku limene Woodson ankalilota, pamene sabata yake idzakhala yosafunika, silinafike.

Nkhaniyi yafikanso pakhomo pa Mpingo wathu. Mu 1990 bungwe la ansembe akuda a ku United States lidapatula Novembala kukhala mwezi wa mbiri ya Akatolika akuda, poona kuti m'mwezi umenewu muli chaka cha Martin de Porres Woyera pa 3, ndi tsiku lobadwa Augustine Woyera, mwana wa kumpoto kwa Africa, pa 13. Zimene mweziwu umavundukula zina n'zonyaditsa, zina n'zochititsa manyazi. Kuli amai a chipani cha Oblate Sisters of Providence, chimene Mai Mary Lange adayambitsa ku Baltimore mu 1829 kuti aphunzitse ana akuda ukapolo udakalipo. Kuli Bambo Augustus Tolton, amene adabadwa kapolo ku Missouri mu 1854, seminale zonse za m'dziko lawo n'kuwakana, mpaka adakadzozedwa unsembe ku Roma mu 1886. Kulinso anthu 272, amuna, akazi ndi makanda, amene ansembe a chipani cha Ajezuiti ku Maryland adawagulitsa mu 1838 kwa eni minda a ku Louisiana, ndalama zina n'kubwezera ngongole za koleji ya Georgetown. Chipanicho chidapepesa poyera mu 2017, pamaso pa zidzukulu za anthu ogulitsidwawo, zimene zambiri zidasungabe chikhulupiriro cha amene adagulitsa makolo awo. Zidzukuluzo zidapezeka chifukwa pa ulendo uno maina adalembedwa, pa chikalata chogulitsira.

Ndipo tisayese kuti mbiri ya anthu akuda a ku America ili kutali ndi ife ngati mwezi wa kumwamba. John Chilembwe adapita ku America mu 1897 nakaphunzira pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo chomwecho cha Virginia chimene Woodson adabadwira. Atabwerera mu 1900, amene adadza kudzamuthandiza ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu adali amishoni akuda a ku America, Landon Cheek ndi mai Emma DeLaney. Mnyamata wina wa pamishonipo, Daniel Malekebu, adalondola maiwa mpaka kwawo, naphunzira udokotala ku Meharry, nadzatsekulanso mishoni ya Providence mu 1926. Chinenero chimene mukuwerengachi nachonso chili ndi ngongole kumeneko: buku la malamulo a Chichewa limene lidatuluka mu 1937 adalemba ndi Mark Hanna Watkins, katswiri wakuda wa ku America, mothandizidwa ndi wophunzira wina wa ku Kasungu amene adali ku Chicago masiku amenewo, Kamuzu Banda.

Tibwerere ku America, pakuti kututa kuja sikunathe, ndipo kuiwala kochita kukonza sikudalekere pa nthawi ya ukapolo. Mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma mudali dera lotchedwa Greenwood, kumene anthu akuda adadzimangira masitolo, mahotela, matchalitchi, chipatala ndi nyuzi zawo. Usiku wa pa 31 Meyi ndi m'mawa wa pa 1 Juni 1921, zaka zisanu sabata ya Woodson isanayambe, chigulu cha azungu okhala ndi mfuti chidalowa m'deralo n'kulitentha. Nyumba zoposa 1,000 zidapsa ndipo anthu pafupifupi 10,000 adasowa pogona. Boma lidalemba kuti adafa ndi anthu 36. Ofufuza a pambuyo pake amati mwina adafika 300. Palibe mzungu amene adalangidwa chifukwa cha kupha kumeneku. Kenaka kudagwa chete. Nkhani ya m'nyuzi imene idakoleza motowo idang'ambidwa m'makope osungidwa. Ana a ku Tulsa, akuda ndi oyera omwe, ankamaliza sukulu osamvapo kuti mumzinda wawo mudachitika zotere. Amene adaisunga nkhaniyi adali opulumuka, amene ankainong'oneza kwa adzukulu, ndi aphunzitsi owerengeka akuda. Boma la Oklahoma lidakhazikitsa komiti yofufuza mu 1997, patapita zaka 76, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 2001.

Mu 2020 akatswiri adayamba kukumba m'manda a Oaklawn mumzindamo, kufunafuna amene adakwiriridwa mwachinsinsi popanda mtanda kapena mwala. Mu Julayi 2024 adalengeza dzina loyamba. Poyerekeza mafupa ndi magazi a abale amoyo, ndiponso kalata ya 1936 imene loya adalembera boma m'malo mwa mai wina wamasiye wopempha chithandizo chifukwa cha mwana wake amene adaphedwa ku Tulsa, adatsimikiza kuti wogona m'manda amodzi mwa amenewo ndi C. L. Daniel, mnyamata wa ku Newnan m'chigawo cha Georgia, msilikali wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Adali pa ulendo wobwerera kwa amai ake pamene adaima ku Tulsa. Amai akewo adamwalira osadziwa kumene mwana wawo adaikidwa, ndipo iye adagona pamenepo wopanda dzina zaka 103.